Musanagule njinga yamoto ya mawilo atatu: malangizo kwa amene munavulala

Ndikangoimika njinga yanga pamsika wa Kapata muno mu Chipata, ndisanatsitse n'komwe ndodo, pamafika munthu. Tsiku lina amakhala mnyamata woyendera ndodo ziwiri, tsiku lina mayi amene amuna awo ali gone kunyumba mwendo uli m'chikhakha. Funso lake ndi lomwelo: "Atate, mwaigula zingati, nanga kuti?" Ndayankha pamsika, ndayankha potuluka m'tchalitchi, ndayankha pa WhatsApp pakati pa usiku. Lero ndati ndilembe kamodzi, kuti wofunsa ndizingomupatsa izi.

Ine kakolo wanga wa kumanja sapinda. Ndinachita ngozi ndili pa honda ya mawilo awiri, madokotala anamanga mafupa ndi zitsulo, mwendo unapulumuka koma phazi linauma. Nditayamba kuyenda ndinathamangira kugula njinga ya katundu ya mawilo atatu, poganiza kuti vuto langa linali kugwa basi. Nditafika nayo pakhomo ndipamene ndinazindikira kuti buleki yake imapondedwa ndi phazi lomwe lija losagwira ntchito. Inakhala pansi pa mtengo wa mango miyezi ingapo, kenako ndinaigulitsa motchipa. Sindifuna kuti wina ataye ndalama za chipepeso kapena za chimanga cha chaka chonse mwa njira imeneyi. N'chifukwa chake funso la mtengo ndalisiya pambali, ndipo muwerenge manambalawa motsatana, osadumpha.

Mawu pang'ono kuti timvane. Kuno kum'mawa kwa Zambia njinga yamoto iliyonse timaitcha honda, ngakhale yopangidwa ndi kampani ina. Ya mawilo atatu yokhala ndi denga ndi mpando wa anthu kumbuyo ambiri amati bajaj kapena tukutuku. Yokhala ndi ngolo kumbuyo ndiziitcha ya katundu.

1. Yambani ndi thupi lanu, osati sitolo

Honda wamba inapangidwira munthu wa manja awiri ndi miyendo iwiri, ndipo chiwalo chilichonse chili ndi ntchito yake. Dzanja lamanja limapotokola moto ndi kufinya buleki ya kutsogolo. Lamanzere limakoka kilachi. Phazi lamanzere limasintha magiya, lamanja limaponda buleki ya kumbuyo. Mukaima, miyendo yonse iwiri imachirikiza njinga kuti isagwe. Wilo lachitatu limakuchotserani ntchito yomalizayi yokha. Zinayi zija zimakudikirabe.

Ndiye pitani kwa a fizio, aja okuphunzitsani kuyenda ndi kuwongola ziwalo mutatuluka m'chipatala, muwauze poyera kuti mukufuna kuyendetsa. Ayese zinthu zenizeni. Kodi dzanja lingafinye mwamphamvu kambirimbiri osatopa? Phazi lingachoke pansi n'kufika pa chopondera mwamsanga, osati mochita kulinyamula ndi maganizo? Khosi limacheuka mbali zonse? Mungakhale ola lathunthu pampando wogwedezeka msana osakuwawani? Mungakwere ndi kutsika nokha? Ndipo khungu la mwendo wovulalawo limamva kutentha? Funso lomalizali anthu amalipeputsa, koma mwendo wosamva ungapse ndi injini kapena ekizozi mwini wake osadziwa mpaka madzulo povula.

Ngati anakudulani mwendo, musafulumire. Chitsa chimatupa n'kumaphwa miyezi yoyambirira, ndipo mwendo woikirira umafuna kusinthidwa kangapo usanakhazikike. Chopondera chimene mungayeze lero sichidzakukwanani pakatha miyezi isanu ndi umodzi.

2. Kalata ya dokotala

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene ambiri amadumpha, ndiponso ndi pamene pamapweteka mtima.

Wofuna laisensi ku RTSA, bungwe la boma loona za magalimoto ndi madalaivala, amayenera kupimidwa ndi dokotala, ndipo pali fomu yake. Chizolowezi cha ambiri n'chakuti fomuyo idindidwe msangamsanga, munthu atabisa ndodo panja, buluku litaphimba chilichonse. Ndikumvetsa chifukwa chake. Chivulalireni aliyense wakhala akukuganizirani zochita: adokotala, akazi anu, achibale, mpaka ana. Mwatopa ndi mawu akuti "simungathe", ndipo mukuopa kuwamvanso. Ine usiku woti mawa ndikapimidwe sindinaone tulo. Koma kubisa kumakubwezani m'mbuyo. Woyesa wa ku RTSA adzaona mmene mukukwerera njinga, ndipo akaona kuti fomu ikunena zina pamene thupi likunena zina, chikhulupiriro chatha pomwepo. A inshuwalansi nawo, mukadzachita ngozi n'kupezeka kuti munabisa, angakane kulipira. Choposa zonsezi ndi mwana wa sukulu amene adzadumphire mumsewu kukomboni ya Mchini, inu phazi likuchedwa kufika pa buleki.

Pitani kwa dokotala amene akudziwa za kuvulala kwanu, kaya ku Chipata Central Hospital, ku St Francis ku Katete, ku Mwami kapena kumene munagonekedwa. Pitani tsiku la kiliniki, osati kuchipinda cha angozi kumene aliyense ali pa liwiro. Nyamulani makhadi onse, zithunzi za mafupa ndi zimene a fizio analemba. Kuwonjezera pa fomu ija, pemphani kalata yapadera.

Kalatayo isangotchula dzina la kuvulala. Mawu akuti munthuyu anathyoka mwendo sathandiza woyesa, chifukwa iye si dokotala, ndipo akakayika amasankha kukana. Inene zimene thupi lingachite ndi zimene silingachite: kuti manja onse ali ndi mphamvu zokwanira, maso akuona bwino, mwendo wamanzere uli bwinobwino, phazi lamanja silingaponde buleki, choncho munthuyu angayendetse njinga ya mawilo atatu yokhala ndi buleki ya kumanzere kapena ya m'manja. Kalata yotere imamupatsa woyesa poimira. Musachite manyazi kunena kuti, "Adokotala, ndithandizeni, mulembemo zimene ndingathe kuchita." Madokotala ambiri amavomera akamva chifukwa chake.

Pali zinthu zitatu zimene muyenera kuzitchula nokha ngakhale asakufunseni. Choyamba ndi mutu. Ngati pangozipo munamenyetsa mutu, ndipo chichokereni munakomokapo, kugwa ngati khunyu, kuchita chizungulire kapena kuona zinthu ziwiriziwiri, nenani. Khunyu limatha kuyamba patapita miyezi munthu atavulala m'mutu, ndipo wilo lachitatu silingakuthandizeni mukakomoka pachiwongolero. Chachiwiri ndi mankhwala. Tramadol, codeine ndi amitriptyline, amene ambiri timamwa chifukwa cha ululu wa mafupa ndi mitsempha, amagonetsa ndiponso amachedwetsa maganizo. Funsani ngati mungasinthe nthawi yomwera kapena mlingo wake, koma musasiye nokha. Chachitatu ndi maso, makamaka kuona za m'mbali, chifukwa njinga zakapalasa za mu Chipata sizibwera kutsogolo kokha.

Nanga dokotala akati ayi? Musatuluke mutakwiya, ndipo musapite kukasaka wina woti angodinda. Funsani mafunso awiri: chimene chiyenera kusintha n'chiyani, ndipo ndibwerenso liti? Kawirikawiri "ayi" ameneyu amatanthauza "osati pano". Ine anandibweza kamodzi chifukwa cha mankhwala a ululu, ndinalira ndili m'basi, koma patapita nthawi dokotala yemweyo ndi amene anandilembera kalata imene ndimayenda nayo mpaka lero. Ngati "ayi" wake ndi wa khunyu losagonja ku mankhwala, mverani. Njinga ingagulidwebe, n'kumayendetsa mwana wanu kapena mphwanu, inu muli kumbuyo.

Kalatayo ijambulitseni makope angapo. Idzafunikanso polembetsa ku Zambia Agency for Persons with Disabilities (ZAPD), bungwe limene likugwira ntchito pansi pa lamulo la anthu olumala la 2012 ndipo limapereka khadi. A Social Welfare paboma adzakulozerani poyambira. Ngati munavulalira pantchito, mapepala omwewa ndi amene a Workers' Compensation Fund Control Board, opereka chipepeso kwa ovulala pantchito, adzafune kuona.

3. Pitani ku RTSA musanatulutse ngwee

Malaisensi a kuno ali m'magulu. A1 ndi ya njinga zamoto za injini yosapitirira 125cc, A ndi ya zazikulu kuposa pamenepo, B ndi ya magalimoto ang'onoang'ono osapitirira makilogalamu 3,500. Njinga za mawilo atatu zimasiyana kukula, kulemera ndi ntchito, choncho musamvere za pamsika zakuti "iyi siifuna laisensi" kapena "ya galimoto ikwanira". Tengani kalata ya dokotala, reji yanu (chitupa cha unzika), chithunzi cha njinga imene mukuiganizira ndi kukula kwa injini yake, mupite ku ofesi ya RTSA ya mu Chipata. Pemphani kuonana ndi woyesa madalaivala, osangothera pawindo lolipirira.

Mufunse kuti njinga imeneyi ikufuna gulu liti, ngati mudzayesedwe pa njinga yanu yomwe, ndiponso ngati zimene mudzasinthe pa mabuleki ziyenera kuonedwa kaye ndi oyeza magalimoto. Mayankho alembeni m'kabuku pamodzi ndi tsiku. Ngati munali ndi laisensi kale musanavulale, itengeni, munene zimene zasintha m'thupi mwanu. Laisensi ija inaperekedwa kwa munthu wa miyendo iwiri yogwira.

Panja pa maofesi otere sipasowa anthu olonjeza kukufulumizitsirani zinthu. Asiyeni. Lipirani pamalo oyenera, mulandire lisiti.

4. Tsopano sankhani njinga

Bajaj RE ndi TVS King, matukutuku a ku India, ali ndi injini ya pafupifupi 200cc kumbuyo, denga, giya yobwerera m'mbuyo, ndi polowera potsika posafuna kuponya mwendo pamwamba pa thanki. Kilachi ndi magiya zonse zili kudzanja lamanzere: mumafinya n'kupotokola chigwiriro. Moto uli kudzanja lamanja, buleki kuphazi lamanja. Phazi lamanzere lilibe ntchito. Choncho wovulala mwendo wamanzere angayendetse osasintha kanthu, ndipo wovulala wamanja ngati ine amangosamutsira chopondera kumanzere. Koma ngati vuto lanu ndi dzanja lamanzere, iyi si yanu. M'tauni dzanja limenelo silipuma. Matayala ake ndi aang'ono, amakonda tala ndi msewu wosalala. Mumchenga ndi m'mikwasa ya ngolo za ng'ombe amavutika.

Za katundu, zambiri zochokera ku China, zimakhala ndi injini za pakati pa 150cc ndi 250cc. Zimakopa chifukwa zimabweretsa ndalama: chimanga, nshawa, soya ndi mpendadzuwa kuchokera kumunda, madzi, njerwa. Kwa munthu wa ku Chadiza, Vubwi kapena Chipangali amene sangathenso kugwira khasu tsiku lonse, imeneyi ingakhale munda wake watsopano. Koma kutsogolo kwake ndi honda wamba: kilachi kudzanja, magiya kuphazi lamanzere, buleki kuphazi lamanja. Imafuna ziwalo zonse zinayi, ndiye ndi imene imafuna kusinthidwa kwambiri. Masipuling'i ake anapangidwira katundu wolemera, choncho ikakhala yopanda kanthu imadumphadumpha, ndipo wovulala msana kapena chiuno adzaimva. Zilipo zina zokhala ndi mpando wotambalala ndi polowera potsika. Sakani zimenezo.

Mtundu wachitatu ndi sikuta yowonjezeredwa mawilo awiri m'mbali. Sikuta ilibe kilachi kapena magiya osintha, mabuleki onse awiri ali m'manja, ndipo mapazi amangokhala pathabwa. Kwa munthu amene miyendo yonse ili ndi vuto koma manja ali bwino, palibe yoposa iyi. Zofooka zake n'zakuti ndi yaifupi pansi, zambiri sizibwerera m'mbuyo, ndipo ubwino wake wonse uli m'manja mwa amene anamangirira mawilo aja.

Zilinso zamagetsi, zopanda kilachi ndi magiya, zobwerera m'mbuyo pongodina batani. N'zofewa kuyendetsa, koma Chipata ndi wa mapiri, mtunda umadya batire, ndipo muganize za kotchajira masiku amene magetsi akuzimazima. Mukaona pa intaneti Piaggio MP3, ya mawilo awiri kutsogolo, dziwani kuti imapendekeka pokhota ngati honda wamba, ndiye siithetsa vuto la munthu wosatha kuchirikiza. Can-Am, ina ya mawilo atatu, ndi yokongola pachithunzi, koma mtengo wake ndi masipeya ake si za kuno.

Mtundu uliwonse umene mwasankha, zitatu izi musanyengerere: sitata ya batani, giya yobwerera m'mbuyo, ndi buleki yoimikira yogwira bwino. Munthu wa ndodo sangalize injini ndi phazi, sangakankhe njinga chambuyo, ndipo potsika amatenga nthawi. Njinga ikayamba kutsetsereka mwendo umodzi uli pansi, ngozi yachiwiri ndi imeneyo. Sikuta yosabwerera m'mbuyo ndingaivomere kwa munthu wa m'tauni yekha amene waphunzira kuimika moyang'ana kotulukira.

Musanalipire, yendani m'masitolo a masipeya ku Down Shops ndi ku Kapata, mufunse waya wa kilachi, nsapato za mabuleki ndi tayala la mtundu umenewo. Akapukusa mutu onse, ganizaninso. Ku Lusaka ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 570, ndipo kwa inu njinga ikafa si kungochedwa kuntchito, ndi kubwerera pakhonde. Komanso kwerani ndi kutsika kasanu pamaso pa wogulitsa, ndi ndodo zanu, mmene mudzachitire tsiku ndi tsiku.

5. Mapepala a njinga

Malire a Mwami, olowera ku Malawi, ali pafupi, ndipo njinga zotchipa zolowa mozemba sizisowa. Yopanda mapepala a ZRA, bungwe lotolera misonkho, osonyeza kuti msonkho unalipidwa singalembetsedwe, ndipo simungapite nayo kumayeso. Ngati ndi yogwirapo kale ntchito, onani white book, ndilo pepala la umwini wa galimoto, muyerekeze nambala ya injini ndi ya chasisi ndi zimene zadindidwa pachitsulo penipeni. Lemberanani kalata yogulitsana, mutenge kope la reji ya wogulitsa, apolisi atsimikize kuti si yakuba, ndipo dzina lisinthidwe ku RTSA. Musawotcherere kanthu dzina lisanakhale lanu. Ngati mukuitanitsa kunja njinga yokonzedwera munthu wolumala, funsani a ZAPD ndi a ZRA za msonkho musanatumize ndalama.

6. Kusintha zogwirira ndi zopondera

Makanika ndi owotcherera athu ndi aluso, ndipo ndimawalemekeza. Koma buleki si geti. Dzanja lilibe mphamvu ngati phazi, choncho buleki ya phazi ikasamutsidwira m'manja popanda kuganiza, imaoneka bwino pagalaja koma siimitsa njinga yodzaza matumba pamtsetse. Chogwirira chiyenera kukhala chachitali mokwanira kuti chichulukitse mphamvu, komanso chikhale poti mungachifikire osasiya chiwongolero nthawi yaitali. Ngati mabuleki ndi a mafuta, pafunika pampu yoyenera kukula kwake, osati iliyonse yozulidwa pa honda yakufa. Ndodo ya buleki yoduladula n'kulumikiza ndi moto imathyokera polumikiza pomwepo. Nenani kuti apange yathunthu.

Kusamutsira chopondera kumanzere pa bajaj n'kosavuta, koma phazi lamanzere silinaphunzirepo kuponda buleki. Masiku oyamba limachedwa, kenako limaponda mopitirira, ndipo mukadzidzimuka ubongo umatumabe phazi lakale. Ine zinanditengera milungu yambiri pabwalo kuti phazi lolondola lizipita lokha. Chopondera chakale chichotsedwe kapena chitchingidwe, kuti phazi louma kapena mwendo woikirira usachigone osadziwa.

Wosowa mphamvu kudzanja lamanja angasamutsire moto kumanzere, koma pamenepo asankhe njinga yopanda kilachi. Kuyendetsa ndi dzanja limodzi lokha n'kovuta kwambiri pa mawilo atatu kuposa pa awiri, chifukwa chiwongolero chimalimbana nanu pa bampu iliyonse. Ameneyo akambirane mofatsa ndi a fizio asanagule chilichonse.

Phazi losamva kapena loikirira limatsetsereka pachopondapo. Muikire thabwa lotambalala lokhala ndi mpendero m'mbali, koma musalimange ndi lamba. Njinga ikagubuduzika muyenera kutha kuchokapo. Ikani chitsulo chotchinga kutentha pakati pa mwendo ndi injini, ndi pomangirira ndodo poti mungafikire muli chikhalire.

Ntchito ikatha, makanika ayambe ndiye kuiyesa, itanyamula katundu wolemera ngati amene mudzanyamule, pamtsetse wopanda anthu. Akakana kukwera njinga imene wakonza yekha, inunso musakwere.

7. Phunziraninso kuyendetsa

Lembani mayeso a malamulo a pamsewu, ochokera m'buku la Highway Code, mutenge laisensi yophunzirira, muike chilembo cha L, ndipo muone tsiku limene idzathe. Kenako pezani bwalo la mpira kapena la sukulu Loweruka, mutapempha kwa eni ake.

Amene anayendetsapo honda zaka zambiri ndiye amavutika kuposa wongoyamba. Honda imakhota poipendeketsa ndi thupi. Ya mawilo atatu siipendekeka: mumaikhotetsa ndi manja, ndipo mphamvu ya pokhota imakukankhirani kunja. Mukalowa pakona ndi liwiro, wilo lakumbuyo la mkati limanyamuka, ndipo njinga imagwera kutsogolo chakunja, kumene kulibe wilo loigwira. Choncho liwiro lichepetsedwe musanafike pokhota, msewu ukadali wowongoka, thupi lipendekere mkati, moto muwonjezere mutatuluka. Mukamva wilo likunyamuka, bwezani moto ndi kuwongola chiwongolero pang'ono ngati malo alipo. Katundu akhale pansi, pakati pa mawilo akumbuyo, womangidwa. Matumba osanjikizana pamwamba ndi madilamu a madzi osadzaza ndiwo amagwetsa ambiri.

Chizolowezi china choopsa ndi kutsitsa phazi poima. Pa njinga ya katundu wilo lakumbuyo kapena ngolo zili kuseri kwa chidendene chanu. Mapazi asachoke pamalo ake mpaka injini itazima ndipo buleki yoimikira yakokedwa.

Ikani mabotolo awiri motalikirana pang'ono kuposa kutambalala kwa kumbuyo, muzidutsa pakati mpaka musiye kuwagunda. Pamene mutu wadutsa si pamene matako adutsa, ndipo m'tauni ino m'mbali mwanu mudzakhala njinga zakapalasa zonyamula anthu, makala ndi mbuzi. Phunziraninso maenje. Honda imasiya mzere umodzi, iyi imasiya itatu; mukazemba dzenje ndi wilo la kutsogolo pang'ono chabe, lakumbuyo ligweramo. Dzenje laling'ono lidutse pakati pa wilo la kutsogolo ndi limodzi lakumbuyo, lalikulu muchepetse liwiro basi. Msewu wopendekera kungalande umakokera njinga komweko, ndiye manja azilimbana nawo mofatsa.

Musachoke pabwalo musanadziwe kuima mwadzidzidzi, kubwerera m'mbuyo molunjika, ndi kunyamuka pamtunda osabwerera. Pezani kamtunda kopanda magalimoto, muchite kambirimbiri. Potsika mtsetse khalani mu giya yotsika. Kutsika mu fili, mutachotsa giya, kuti musunge mafuta kumasiyira mabuleki okha ntchito yonse, ndipo akatentha amafooka.

Great East Road isiyeni kaye. Mathiraki opita ku Mwami akamakupitirirani mphepo yake imakankha tukutuku, ndipo m'mphepete mwa tala muli potsika pomwe pangagwetse wilo lamanzere. Nyengo ya mvula nayo ili ndi zake: m'matope wilo limodzi lakumbuyo limazungulira pachabe linzake litangoima, ndipo inu simungatsike kukakankha. Njira imene mukuikayika, musalowemo muli nokha.

8. Tsiku la mayeso

Pitani ndi njinga yanu, mapepala ake onse ali m'malo, magetsi, hutala, magalasi ndi ma indiketa zikugwira. Valani helemeti ndi nsapato zotseka. Nyamulani laisensi yophunzirira, reji, malisiti, fomu ndi kalata ya dokotala, ndi kabuku kaja munalembamo mayankho. Musamwe mankhwala ogonetsa m'mawa umenewo popanda kugwirizana ndi dokotala za nthawi yake.

Musadikire kuti woyesa adabwe. Mupatseni moni, mumuonetse kalata, kenako mumuonetse njinga: "Bwana, buleki yanga ili apa, ndimaponda ndi phazi ili." Mwina sanayesepo munthu ngati inu, ndipo kumufotokozera modekha kumamumasula. Lamulo la 2012 lija limaletsa kusala munthu chifukwa cha kulumala, choncho wina akakubwezani osakuyesani n'komwe, pemphani mwaulemu kuonana ndi mkulu wa ofesi, ndipo a ZAPD angakuthandizeni kulankhula. Koma lamulolo silinena kuti mupambane musanathe. Mukalephera, funsani pamene mwalakwitsa, mubwerere pabwalo.

Laisensi ikatuluka, iwerengeni musanachoke. Onani dzina, gulu, ndi malire ngati alembapo. Ngati akuti muziyendetsa chokonzedwera thupi lanu chokha, ndiye kuti njinga ya mnzanu yosasinthidwa si yanu kuyendetsa, ngakhale ulendo wa kuchigayo.

9. Mwezi woyamba pamsewu

Inshuwalansi, msonkho wa pamsewu ndi fitinesi (pepala losonyeza kuti njinga ili bwino) zikhale zamoyo. A inshuwalansi auzeni za kuvulala kwanu ndi zimene munasintha, ndipo zilembedwe papepala. Kunyamula anthu olipira ndi nkhani ina yokhala ndi zilolezo zake ku RTSA ndi kukhonsolo. Laisensi imene mwatengayi yokha siikupatsani ufulu umenewo.

Maulendo oyamba akhale aafupi, masana, m'njira zimene mukuzidziwa, foni ili ndi moto ndipo wina kunyumba akudziwa kumene mwapita. Pakatha mlungu umodzi bwererani kwa makanika akamangenso mabawuti onse a zimene anasintha, chifukwa kugwedezeka kumawamasula, ndipo ayang'ane ming'alu powotcherera. Madzulo alionse vulani nsapato kapena mwendo woikirira, muyang'ane khungu ndi kalilole, pansi pa phazi, pachitsa ndi pokhalira. Mukaona pofiira posazimiririka, chithuza kapena potupa, njinga igone mawa lake, inu mupite kuchipatala pa basi.